Zipolopolo 11 za m'thumba la agogo: momwe ntchito ikuyendera

9 Malichi, Mbare

Lero ndayamba ntchito imene akuluakulu a bungwe lathu la maliro anandipatsa mwezi watha, yolemba nawo kabuku kofotokoza zinthu zakale zimene makolo athu anabwera nazo ku Harare kuno kuchokera kumudzi, kuti ana athu, amene ambiri mwa iwo tsopano amayankhula Chishona kuposa Chichewa, adzakhale ndi poyambira akadzafuna kufunsa. Ena atenga mutu wa ng'oma, ena wa mikanda, ndipo ine ndapatsidwa mutu wa mfuti ya gogodela chifukwa cha thumba lachikopa limene limasungidwa m'nyumba mwa amalume anga ku Mufakose.

Thumbali anabwera nalo ndi agogo anga, bambo awo a amayi, pamene anakwera lole ya Ulere, imene inkanyamula ofuna ntchito mosalipiritsa, kudzafuna ntchito, ndipo iwonso analilandira kwa amalume awo, mlenje wa kufupi ndi mtsinje wa Bua m'boma la Nkhotakota. Mfuti yeniyeniyo siinaoloke malire, inatsala kumudzi ndipo ikadali komweko, yadzimbiri, yopachikidwa kudenga. Chimene chinafika kuno ndi thumba lokha. Amalume analitsegula ndikuona, n'kuyala zam'katimo pa nyuzipepala: nyanga ya wonga yopanda kanthu, kamwala kakuda kosemedwa ngati dzino la kutsogolo, ndi zipolopolo 11 zotuwa ngati phulusa.

Pamodzi ndi thumbali pali nkhani imene tonse m'banja mwathu tinakula nayo. Akuti mlenjeyo anapha njati ndi chipolopolo chimodzi ataima tsidya lina la dambo, pa mtunda umene amalume amauyerekeza ndi mabwalo awiri a mpira kulumikiza, kapena kuti mamita pafupifupi 200. Ine ndaphunzitsa masamu ndi sayansi kwa zaka zambiri, choncho ndinawapempha kuti andilole kuiyesa nkhaniyi ndi sikelo ndi cholembera. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mphwanga, yesa, koma ukapeza zina usalembe usanandiuze." Ndavomera zimenezo.

Ndikufuna kudziwa kuti zipolopolozi zinali za mfuti yamtundu wanji, kuti mfutiyo inafika bwanji m'manja mwa mlenje wa ku Bua, ndiponso kuti chipolopolo chotere chinkayenda bwanji chikatuluka kukamwa kwa mfuti. Ntchito yonse ndi ya kuyeza, kuwerenga ndi kufunsa akuluakulu, ndipo palibe wonga umene udzayatsidwe.

16 Malichi

Ndinapita ndi zipolopolozo ku Magaba, kwa mmisiri wina wosula zitsulo amene timapemphera limodzi, ndipo anandibwereka chida chake choyezera kunenepa kwa zitsulo. Kulemera kwake ndinakayeza pa sikelo yaing'ono ya kusukulu.

Zipolopolo 7 ndi zozungulira bwino, za mtovu, ndipo chilichonse chili ndi kamzere kopyapyala m'chiuno ndi kachipsera pamene anadulapo mtovu wotsala, zomwe zikusonyeza kuti zinaumbidwa m'chikombole cha mbali ziwiri. Kukula kwake n'kwa pakati pa mamilimita 16.4 ndi 16.6, ndipo kulemera kwake n'kwa pakati pa magalamu 26 ndi 27. Ndinayerekeza ndi masamu: mtovu umalemera magalamu 11.34 pa sentimita imodzi ya mbali zonse, choncho mpira wa mamilimita 16.5 uyenera kulemera magalamu 26.7. Zikugwirizana, kutanthauza kuti ndi mtovu weniweni wosasakaniza kwambiri. Ziwiri zina ndi za mtovu womwewo koma zophwatalala mbali imodzi ngati chitumbuwa. Ziwiri zomaliza zinandidabwitsa, chifukwa mmisiri uja atangoyandikiza maginito zinadumphira n'kukakamira. Ndi zachitsulo, zosulidwa ndi nyundo, zosazungulira bwino, ndipo chilichonse chikulemera magalamu osakwana 20.

Apa ndiyenera kukonza ganizo limene ndinali nalo poyamba. Ndinkayesa kuti mfuti ya kwathu ndi ija Angerezi ankaitcha Brown Bess, imene asilikali awo anagwiritsa ntchito kuyambira cha mu 1722 mpaka cha mu 1838, poti dziko lathu linalamulidwa ndi Angerezi ndipo mfuti zambiri zakale za kuno zili ndi mawu akuti TOWER pa loko, chitsulo cha pambali choyatsira wonga. Koma mpope wa Brown Bess unali wa mamilimita pafupifupi 19, ndipo chipolopolo chake chinali cha mamilimita 17.5, cholemera magalamu oposa 31. Zathuzi n'zazing'ono ndi milimita yathunthu. Zikufanana kwambiri ndi muyezo wa ku France, wa mfuti zija zodziwika ndi dzina la Charleville, zimene mpope wake unali wa mamilimita 17.5. Milimita imodzi ingaoneke yochepa, koma yasintha kumene ndiyenera kuyang'ana. Ndatumiza uthenga pa WhatsApp kwa msuweni wanga kumudzi kuti atsitse mfutiyo, aipukute ndi nsalu youma popanda kuipala, ndipo ajambule zilembo zilizonse zimene angaone pa mpope ndi pa loko.

6 Epulo

Masabata atatu apitawa ndakhala ndikuwerenga, masiku ena ku National Archives of Zimbabwe pa Borrowdale Road, masiku ena kunyumba. Ndilemba pano zimene zidzalowe m'kabuku.

Mfuti zonse zimene timazitcha gogodela zimafanana pa chinthu chimodzi: wonga ndi chipolopolo zimalowera kukamwa, ndipo mwini mfuti amazigogodera pansi ndi ndodo, n'chifukwa chake makolo anaipatsa dzina limeneli. Wonga wake ndi wakuda uja wa mchere wotchedwa saltpetre, makala ndi sulufule. Chimene chinkasintha m'zaka mazana anayi ndi njira yofikitsira moto ku wongawo. Za m'zaka za m'ma 1400 ndi 1500 zinkayatsidwa ndi chingwe chonyeka pang'onopang'ono, chimene msilikali ankayenda nacho chili chiyakire, moti mvula ikagwa nkhondo inkavuta, ndipo usiku mdani ankaona timoto patali. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600, ku France, mmisiri wotchedwa Marin le Bourgeoys anakonza bwino loko wa mwala: kanyundo kogwira mwala kamamenya chitsulo, nthethe zimagwera m'kambale ka wonga, ndipo moto umadutsa pa kabowo kulowa mumpope. Loko ameneyu anagwiritsidwa ntchito ku Ulaya kwa zaka zoposa 200. Mu 1807 m'busa wa mpingo wa ku Scotland, Alexander Forsyth, analembetsa njira yoyatsira wonga ndi mankhwala ophulika akamenyedwa, ndipo m'zaka za m'ma 1820 panabwera kachipewa kamkuwa kovekedwa pa kansonga ka mpope. Amalume amakatchula kuti fataki, liwu limene linabwera ndi amalonda oyankhula Chiswahili.

Chimene chinathetsa mfuti zimenezi ku Ulaya ndi chipolopolo chatsopano. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1840 msilikali wa ku France, Claude-Étienne Minié, anabweretsa chipolopolo chosongoka chokhala ndi mphako kumbuyo, chimene chinkalowa mosavuta koma n'kufufuma wonga ukaphulika, n'kugwira timizere topotana tosemedwa m'kati mwa mpope. Angerezi anatenga mfuti ya Enfield ya mtundu umenewu mu 1853, mu 1866 anayamba kuzisintha kuti zizilowetsedwa chipolopolo chakumbuyo, ndipo mu 1871 anatenga Martini-Henry. Pa zaka zosakwana 30 mfuti zakale zosawerengeka zinasanduka zotsalira m'nkhokwe za maboma, ndipo amalonda anazigula motchipa n'kuzitumiza ku Africa pamodzi ndi zina zatsopano zopangidwa mofulumira ku Birmingham ndi ku Liège. Mfundo imeneyi ndikufuna idzamveke bwino m'kabuku: pamene mlenje wa ku Bua ankalandira gogodela ngati chuma, amene anaipanga anali ataisiya kale.

Komabe mfuti sizinayambe kufika m'dera lathu nthawi imeneyo. Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, ndipo mu 1572 gulu la nkhondo la Francisco Barreto linakwera chigwa cha Zambezi ndi mfuti zachingwe, lili pa ulendo wofuna golide wa ufumu wa Mwenemutapa, koma malungo ndi matenda a akavalo zinaligonjetsa. Kumpoto kwa Harare, cha ku Mazowe, kunali msika wa Apwitikizi wa Dambarare, umene Changamire Dombo, mfumu ya Arozvi, anauwononga mu 1693 ngakhale eni ake anali ndi mfuti. Pambuyo pake Achikunda, asilikali a m'minda ikuluikulu ya Apwitikizi m'mbali mwa Zambezi, anatchuka ndi gogodela posaka njovu ndi pogwira anthu. Ndipo mzinda uno umene tikukhalamo uli ndi mfuti pachiyambi pake, chifukwa m'pangano la Rudd la pa 30 Okutobala 1888 Lobengula, mfumu ya Andebele, analonjezedwa mfuti 1,000 za Martini-Henry ndi zipolopolo 100,000, ndipo pasanathe zaka ziwiri, mu Seputembala 1890, mbendera ya Angerezi inakwezedwa pamalo amene lero ndi Africa Unity Square.

20 Epulo

Zithunzi sizinafikebe. Msuweni wanga akuti kumudzi kunagwa maliro, ndipo netiweki imagwira pokhapokha akakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu. Ndagwiritsa ntchito nthawiyi kujambula zipolopolo zonse pa pepala la timabokosi, chilichonse ndi nambala yake, ndipo ndazibwezera kwa amalume zitakulungidwa chimodzichimodzi. Ndawapemphanso kuti adzukulu asamaziseweretse, pakuti kutuwa kuja kwa pamwamba pa mtovu ndi poizoni akalowa m'kamwa.

4 Meyi

Zithunzi zafika 9, ndipo zitatu mwa izo zikuoneka bwino. Chakumbuyo kwa mpope, pamene dzimbiri silinadye kwambiri, pali kachizindikiro kozungulira ngati dzira, m'kati mwake muli chilembo E pamwamba, L ndi G pansi pake, ndi kanyenyezi. Chimenechi ndi chidindo cha nyumba yoyesera mfuti ya ku Liège, m'dziko la Belgium, chimene chinayamba kugwiritsidwa ntchito cha mu 1811, ndipo chinkadindidwa pa mpope umene wayesedwa ndi wonga wochuluka koma osang'ambika. Funso loyamba layankhidwa: mfuti ya kwathu si ya Angerezi, inachokera ku Liège, mzinda umene amisiri ake anapanga mfuti zambiri potsata muyezo wa ku France, ndipo izi zikugwirizana ndi zimene sikelo inanena mu Malichi. Msuweni wanga anaika rula kukamwa kwa mpope ndipo anapeza mamilimita pafupifupi 18, m'kati mwake muli see, mopanda timizere.

Chithunzi cha loko chinabweretsa funso lina. Mfutiyo ili ndi kansonga kovekapo fataki, pamene m'thumba la agogo muli mwala. Ndinakulitsa chithunzicho pa kompyuta ya mwana wanga, ndipo kutsogolo kwa loko kukuoneka timabowo tiwiri totsekedwa ndi chitsulo china, pamalo amene pankakhala chitsulo chomenyedwa ndi mwala pamodzi ndi sipuling'i yake, komanso pakuoneka chipsera pamene anadulapo kambale ka wonga. Mfutiyi inabadwa ya mwala, kenako mmisiri wina anaisintha kukhala ya fataki. Mwala uja ndi wosemedwa mwa ngodya zinayi, wakuda, wofanana ndi imene inkasemedwa ku Brandon, m'dera la Suffolk ku England, kumene amisiri anapitiriza kutumiza miyala yotere ku Africa mpaka m'zaka za m'ma 1900.

Chifukwa chimene miyala inapitirira kugulidwa chili m'pangano la ku Brussels la pa 2 Julayi 1890. Maiko a ku Ulaya anagwirizana kuti m'chigawo cha Africa choyambira pa digiri 20 kumpoto kufika pa digiri 22 kummwera, momwe muli Malawi yense ndi Harare yemwe, anthu akuda asagulitsidwe mfuti zamakono, koma za mwala zopanda timizere ndi wonga wamba. Chifukwa chimene analemba chinali kuthetsa malonda a akapolo, ndipo sindikukana kuti malondawo anayenera kutha. Koma zotsatira zake zikuoneka poyera: pa nkhondo ya ku Shangani ndi ya ku Bembezi mu 1893 asilikali a kampani ya mtsamunda Cecil Rhodes, pomenyana ndi Andebele, anali ndi mfuti za Maxim zolavula zipolopolo mosalekeza, ndipo pa Chimurenga, kuukira atsamunda kwa 1896 ndi 1897, Ashona ambiri anamenya nkhondo ndi gogodela zothiridwa zidutswa za waya ndi miyendo ya mapoto. Zipolopolo zathu ziwiri zachitsulo zija ndi za mtundu womwewo wa kusowa.

18 Meyi

Sabata ino yonse yapita pa funso lachitatu, ndipo ndi limene landigwira mtima koposa.

Chipolopolo chathu ndi cha mamilimita 16.5 pamene mpope ndi wa pafupifupi 18. Mpata umenewu unasiyidwa dala. Wonga wakuda ukapsa, zoposa theka la zotsala zake sizisanduka mpweya, zimakhala utsi ndi mwaye, ndipo mwayewo umamatirira m'kati mwa mpope, moti munthu akaomba kangapo chipolopolo chothina sichingatsikenso. Asilikali ankafuna kuomba katatu pa mphindi imodzi, choncho anasankha chipolopolo cholowa mosavuta. Mtengo wake unali wakuti pophulika chipolopolocho chinkagundagunda m'makoma a mpope, ndipo khoma limene chalikhudza pomaliza ndi limene linkachipatsa mzungulo, lero kumanzere, mawa m'mwamba, popanda woomba kudziwiratu.

Amene anafotokoza izi poyamba ndi Mngerezi Benjamin Robins, m'buku lake la 1742 lotchedwa New Principles of Gunnery. Iye anapachika chipika cholemera kuti chizilendewera, n'kuchiomba, ndipo poona kutalika kwa mmene chagwedezekera anawerengera liwiro la chipolopolo. Anapeza kuti mpweya umabweza chipolopolo mwamphamvu kuposa mmene anthu ankaganizira, makamaka liwiro likayandikira la phokoso, limene ndi mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Anaimikanso mapepala motsatizana n'kuomba modutsamo, ndipo mabowo anasonyeza kuti njira ya chipolopolo inkapindika. Kuti atsimikize, anapinda mpope wa mfuti pang'ono kumanzere, ndipo chipolopolo chinayamba kupita kumanzereko koma kenako n'kukhotera kumanja. Aliyense amene anakhalapo pa Rufaro Stadium n'kuona mpira womenyedwa cham'mbali ukuzungulira khoma la osewera n'kulowa m'golo waona chinthu chomwechi. Kusiyana kwake n'kwakuti wosewera mpira amasankha yekha mzungulo, pamene mlenje wa gogodela sankasankha. Mphamvu imeneyi inadzatchedwa dzina la Heinrich Gustav Magnus, amene anaifufuza ku Berlin patapita zaka zoposa 100.

Tsopano masamu anga. Ndatenga liwiro loyambira la mamita 400 pa sekondi, limene ndi la mfuti yabwino yothiridwa wonga wabwino, kuti ndisamuchepetse mlenje wathu. Mpira wa magalamu 26.7 pa liwiro limeneli uli ndi mphamvu yoposa majulo 2,100, yokwanira kuthyola fupa la nyama yaikulu. Pa mamita 30 umafika m'nthawi yosakwana gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi ndipo umatsika ndi masentimita atatu okha. Pa mamita 100 liwiro latsika kufika cha pa 280, ndipo mpira wagwa ndi pafupifupi theka la mita. Pa mamita 200 liwiro latsala cha pa 220, mphamvu yatsala yosakwana gawo limodzi mwa atatu, ndipo mpira wagwa ndi mamita oposa awiri, kutanthauza kuti woombayo anayenera kuloza pamwamba kwambiri pa msana wa njati, ndi mfuti yopanda choyang'anira cha kumbuyo, kwinaku mzungulo ukukankhira mpirawo kumbali imene iye sakuidziwa. Kwa chipolopolo chachitsulo zinthu zimaipirapo, chifukwa n'chopepuka ndipo mpweya umachibweza msanga.

Ndinawerengeranso kusiyana kwa malo, poti Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,490 pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500. Mpweya wa kuno ndi wopepukirapo ndipo chipolopolo chingapite patsogolo pang'ono, choncho ndagwiritsa ntchito mpweya wa kunyanja, kumene nkhaniyo inachitikira. Yankho silinasinthe. Kulasa njati pa mamita 200 kukanatheka mwamwayi, koma kuigwetsa ndi chipolopolo chimodzi pa mtunda umenewo sindingakulembe m'kabuku ngati zoona. N'chifukwa chakenso asilikali a ku Ulaya ankaima mizere phewa ndi phewa n'kuombera pamodzi adani atayandikira, pakuti zipolopolo mazana zikatuluka nthawi imodzi zina zinkayenera kupeza munthu.

1 Juni, Mabvuku

Ndisanapite kwa amalume ndinaganiza zoyamba ndaonana ndi amayi aakulu, mchemwali wawo wamkulu, amene ali ndi zaka zoposa 85 ndipo ndi okhawo m'banja kuno ku Harare amene anakhalako kumudzi ali mtsikana. Ndinawapeza akuwothera dzuwa pakhonde. Sindinawauze za masamu, ndinangowafunsa kuti, "Amayi, kodi nkhani ya njati ija munaimva bwanji inuyo?"

Anati iwo anaimva kwa agogo awo aakazi, amene anali mlongo wake wa mlenjeyo. Tsidya lina la dambo ndi kumene anaionera njatiyo, osati kumene anaombera. Anavula nsalu, anadzola matope, anatapa fumbi n'kuliwaza kuti aone kumene mphepo ikupita, ndipo anakwawa ndi mimba m'udzu kuyambira dzuwa lili paphewa mpaka litapendeka, kufikira anamva nyamayo ikupuma. "Mwana wanga," anatero, "mfuti ija inali ya kamodzi. Ukaphonya, njati siidikira kuti ugogodere kachiwiri." Ndinawafunsa mtunda wake, ndipo analoza mtengo wa mapeyala wa kwa aneba, umene nditauyeza ndi mapazi ndinapeza mamita osapitirira 25. Ndinakhala pansi n'kuyang'ananso pepala langa la masamu, pamene panalembedwa kuti pa mamita 30 mpira umatsika ndi masentimita atatu okha. Zimene ndinazipeza ndi cholembera sabata yathunthu, mlenje uja ankazidziwa ndi thupi lake, ndipo paja akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Anandifotokozeranso za zipolopolo zophwatalala. Mtovu unali wosowa, choncho posenda nyama ankafufuza chipolopolo m'mnofu n'kuchisunga kuti adzachisungunulenso, ndipo ukatheratu ankapita kwa wosula makasu kuti awadulire chitsulo.

Kenako, popanda ine kufunsa, ananena za kumene mfutiyo inachokera. Mlenjeyo anaigula ndi minyanga iwiri ya njovu kwa anthu a Jumbe, mkulu wa amalonda a Chiswahili ku Nkhotakota. Izi zikugwirizana ndi mbiri yodziwika, pakuti kuyambira m'zaka za m'ma 1840 a Jumbe ankaolotsa minyanga ndi akapolo pa nyanja m'zombo, ulendo wa ku Kilwa ndi Zanzibar, ndipo pobwerera ankabweretsa nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. David Livingstone anafika pamalopo mu 1861 n'kuona malondawo ndi maso ake. Amayi aakulu anatsitsa mawu n'kunena kuti chimene mlenjeyo anafunira mfuti si nyama yokha, koma kuti mlongo wake wamng'ono anagwidwa kumunda ndi anthu a mfuti zomwezo ndipo sanaonekenso. Anagula chida kwa anthu omwe anamulanda m'bale wake, chifukwa kunalibe kwina kokachigula. Ndinawafunsa ngati ndingalembe zimenezi, ndipo anati ndilembe, popeza dzina la mtsikanayo linatayika kale ndipo chatsala ndi nkhani yokhayi.

15 Juni, Mufakose

Ndakwaniritsa lonjezo langa kwa amalume. Ndinapita ndi zithunzi, pepala la masamu ndi mawu a mchemwali wawo amene ndinawajambula pa foni ndi chilolezo chawo. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula. Poyamba anati bambo awo ankanena za tsidya lina la dambo, ndipo ine ndinayankha kuti, "Amalume, agogo sananame, dambolo lilimo m'nkhaniyi, kungoti ndi kumene ulendo wokwawa unayambira." Anatenga chimodzi mwa zipolopolo zophwatalala, anachitembenuzatembenuza m'dzanja, kenako anati ndilembe monga ananenera achemwali awo, koma ndisachotsemo dambo.

Pamene ntchito yafika ndi apa. Gawo la mbiri ya loko wa chingwe, wa mwala ndi wa fataki ndamaliza kulemba, masamba anayi. Gawo la kayendedwe ka chipolopolo lili m'manja mwa mwana wanga, amene akujambula chithunzi chosonyeza kutsika kwa mpira pa mamita 30, 100 ndi 200, chokhala ndi njati kumapeto kwake kuti ana amvetse msanga. Gawo la Nkhotakota ndi mtsikana wogwidwa kumunda ndilo ndisanayambe, ndipo ndikufuna kukaliwerenga kwa amayi aakulu lisanapite kwa wina aliyense. Mmodzi wa akuluakulu a bungwe wadzipereka kumasulira kabukuka m'Chishona kuti masamba aziyang'anizana, Chichewa kumanzere, Chishona kumanja.

Msuweni wanga ndamupempha kuti asaipake mafuta a galimoto mfutiyo monga ankafunira, asayese kutsegula loko, ndiponso asaiyandikize kumoto kapena kulowetsamo chitsulo, chifukwa mfuti zakale zambiri zinapachikidwa zili ndi wonga m'mimba. Ndamuuza kuti ayeze ndi bango kuzama kwa mpope m'kati, ayerekeze ndi kutalika kwake kunja, ndipo akapeza kusiyana aisiye pomwepo n'kukauza a mfumu ndi apolisi. Akuluakulu akufuna kuona zolemba zonse pa msonkhano wa Lamlungu loyamba la Ogasiti.